Diso Lachiwiri la aNaTembo

Lolemba

Lero ine mwini nyumba ino ya ku Kabwata, ndili ndi nzeru zanga zonse ndiponso ndisanamwe kanthu, ndikulengeza kuti dziko lathu lasiya kudalira azungu pa nkhani ya magalasi a maso. Fakitale yatsegulidwa kuseri kwa khitchini, pakati pa mgolo wa madzi ndi mtengo wa papaya. Pa mwambo wotsegulira panali ine ndi nkhuku ya aneba.

Chiyambi chake ndi ichi. Loweruka lapitali mkazi wanga aNaTembo anali pa mzere wa shuga. Shuga atangotulukira, chigongono cha mayi wina wokonda dziko lake chinapeza galasi lawo la kumanja. Shugayo sanampeze. Atsala ndi galasi limodzi, la kumanzere, lochindikala ngati pansi pa tambula. Popanda magalasi aNaTembo sasiyanitsa ine ndi mtengo wa papaya, ndipo amati papaya amaposa chifukwa amabereka.

Tsono Lamulungu likubwerali owerenga Mawu pa Misa yaikulu ndi iwo. Koyamba. Akhala akudikira kuyambira muja Bambo Mfumu analola kuti amayi nawonso aziima pa gome lowerengera, koma mwayiwo umangozungulira pakati pa manesi ndi akazi a aphunzitsi. Ulendo uno mphakati wathu wasankha iwo. Mawu akenso ndi aja odzaza maina a mitundu ndi mizinda yakalekale, oti lilime limapunthwa ngakhale uli ndi maso anayi.

Iwo akuti palibe vuto. "Nditsinzina limodzi, ndiwerenga ndi linalo. Mulungu akudziwa kuti anandipatsa awiri."

Ndakana. Mkazi wa munthu wa digiri aime pamaso pa tchalitchi chonse akutsinzinira Bambo Mfumu? A ku Kabwata angaisimbe mpaka kwa zidzukulu.

Masana, ku Cairo Road. M'sitolo ya magalasi muli mafelemu okhaokha, ndandanda, ngati nkhope zokolowola maso. Wogulitsa akuti, "Magalasi kulibe, ba bosi. Tilindila ndalama zakunja." Zibwera liti? Akuyang'ana kudenga. Ndamufunsa ngati pansi pa kauntala palibe kabokosi ka anthu olemera a ku Kabulonga. Wati kulibe. Wayankha msanga kwambiri.

Ndiye kudzidalira basi, monga wailesi imatilangizira m'mawa uliwonse tisanapite kukaima pa mzere. Ku yunivesite ndinaphunzira za kayendetsedwe ka boma, inde, koma chaka choyamba ndinakhalako m'kalasi ya fizikisi, chifukwa ndi mokhamo mmene munali fani. Ndikukumbukira kuti galasi likatentha limafewa ngati phula, n'kutenga maonekedwe a chimene lagonapo. Nzeru yake ndi ya njerwa: chikombole. Udinde galasi labwinolo pakati pa zibulumwa ziwiri za dothi, utsegule, ulichotse, uikemo chidutswa cha galasi wamba, utseke, uotche, mwala wolemera uli pamwamba. Lotulukamo ndi phasa la loyamba lija.

ANaTembo: "Maso anga si mapasa. La kumanja ndi lofooka kuposa linzake."

Ndawakumbutsa kuti m'dziko la chipani chimodzi maso onse amaona mofanana.

Chondidetsa nkhawa ndi ba Mwansa, aneba a kuseri kwa mpanda. Munthu wa ku Luapula, amavala magalasi akuda ngakhale kukugwa mvula, ndipo palibe akudziwa kumene amagwira ntchito. Ukawafunsa amangoti "ku ofesi". Mu Lusaka muno mwana aliyense akudziwa kuti ofesi yopanda dzina ndi ya mashushushu, aja amamvetsera za anthu n'kukanena kumtunda. Aima pa mpanda nthawi yonse imene ndimayala njerwa za ng'anjo.

"Shani, ba neba? Mumanga chani?"

Ndati uvuni wa mabanzi.

"Fulawa mwaipeza kuti?"

Ndadzikola ndekha.

Lachiwiri

Jekete langa lili ku unduna, lapachikidwa pa mpando, likugwira ntchito ya boma. Ine ndili ku Lilayi ndi kakhasu, kukumba dothi la pachulu. Si malo abwino oti munthu wa tayi azikumbako. Gulu la apolisi ophunzira ladutsa likuthamanga ndi nyimbo, onse akundiyang'ana. Ndachita ngati ndikufuna bowa. Mwezi wa dzuwa ngati uno.

Zofunika pa fakitale:
dothi la pachulu, losefa bwino (sefa ya ufa, aNaTembo asadziwe)
makala a mtengo wolimba, ku City Market
pampu ya njinga yopemerera moto
mwaye wa nyali, wopaka m'chikombole kuti galasi lisakakamire
waya womangira
galasi loyera, lopanda mtundu

Chomalizachi ndiye mlandu. Masiku ano botolo lopanda kanthu ndi lamtengo kuposa za m'kati mwake. Ulibe botolo, sakugulitsa chakumwa, ngakhale ukomoke ndi ludzu pakhomo pa sitolo. Athu aNaTembo amawasunga pansi pa bedi pamodzi ndi satifiketi ya ukwati. Ndatengapo limodzi loyera. Ndaphwanya ndi nyundo nditalikulunga m'thumba, ndikutsokomola kuti phokoso lisamveke kwa aneba. Pansi pa botolo pachoka bwino, mozungulira.

Wogulitsa makala anandifunsa kuti ochuluka chonchi ndi a chiyani. Ndati maliro. Wafunsa a ndani. Anthu a makala sankafunsa mafunso kale.

Madzulo, mwambo wodinda. ANaTembo amasula kasikuluwu ka pa felemu ndi nsonga ya mpeni, andibwereka galasilo "mpaka madzi a tiyi awire", ndipo aima pambali panga dzanja lili chotambasula, akuyang'ana kumene akuganiza kuti ndiliko. Ndapaka mwaye, ndadinda, ndatsegula. M'dothi mwatsala kadzenje kosalala, kokongola ngati m'kati mwa chigoba cha dzira. Galasi ndabweza. Alitsuka ndi kachidutswa komaliza ka sopo akundinena m'Chichewa cha ku Katete chimene sindilemba pano.

Pano ali pabalaza, akuyeseza Mawu aja mokweza. Maina onse akutuluka bwinobwino, limodzi ndi limodzi, ngati akuitana ana kudzadya. Ndikuvomereza kuti akuwerenga bwino. Koma diso lotsinzinalo!

Lachitatu

Tsiku lootcha.

Chikombole chauma msanga pafupi ndi mbaula. Pansi pa botolo ndaikamo, ndamanga ndi waya, ndachikwirira m'makala, mwala pamwamba. Kenako kupopa. Palibe anandiuza ku yunivesite kuti sayansi yambiri ndi ya m'mapewa. Ndapopa mpaka malaya kumatirira. Utsi wadzaza mzere wonse wa nyumba. Zovala za anthu pa zingwe zasintha mtundu.

Ba Mwansa pa mpanda, akutsokomola koma osachoka.

"Ba neba, mabanzi yanu yanunkha monga njelwa."

Ndati ndi a mtundu wa ku Bulgaria. Angogwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuloweza mawu kuti akawalembe bwino.

Masana ndatulutsa chikombole ndi pulayala, chili psuu. Ndadula waya. Abale, linalipo! Galasi lenileni, lozungulira, lofutukuka pakati, likuwala. Ndinatsala pang'ono kuimba nyimbo ya fuko. Kenako kamphepo kadutsa, ndamva kuti "ting", ndipo lang'aluka patatu ndikuliyang'ana.

Ndakumbukira mochedwa: galasi silifuna kudzidzimutsidwa. Liyenera kuzizira pang'onopang'ono m'phulusa, monga mmene amachotsera nduna pa udindo, kuyamba kumtumiza kukakhala kazembe kutali.

Koma choopsa si chimenecho. Ndayang'ana zidutswazo pa dzuwa. Pa chachikulu pali chala changa chachikulu, mizere yake yonse, chodindika m'galasi mpaka muyaya. Ndinagwira dothi lisanaume. Palinso tsitsi limodzi, ndi kamchenga kamene sefa inalekerera. Galasi ndi kazitape weniweni. Chilichonse chimene chikombole chalinong'oneza, ilo limakanena poyera, osachotsapo kanthu. Kuti litulutse choona, chikombolecho chiyenera kukhala chopanda banga kuposa galasi limene ukufunalo. Ndiye ine ndatentha makala a sabata yathunthu kuti ndipangire apolisi chidindo cha chala changa chosafufutika.

Ndazikwirira pansi pa papaya. Nditaweramuka, magalasi akuda ali pa mpanda.

"Mwashika ndani?" Kwawoko kushika ndi kuika maliro.

ANaTembo apeza kuti pansi pa bedi pakusowa botolo. Angoika sefa ya ufa patebulo, patsogolo pa mpando wanga, dothi lofiira lili m'mabowo, n'kubwerera ku Mawu awo.

Lachinayi

Nkhani yatuluka. Waitulutsa ndani?

Ba Mwansa, ndithudi. Kapena wa makala. Kapena aNaTembo ku mphakati, popempha mapemphero. Nkhuku ija nayo imalowa ndi kutuluka pa mpanda momasuka kwambiri.

M'mawa pageti paima agogo awiri a mzere wa kuseri, mwamuna ndi mkazi wake, atanyamula mafelemu akale m'kansalu. Amva kuti kuno akuumba magalasi. Ndawauza kuti adikire ndivale nsapato. Kulakwa kwanga n'kumeneko. Anthu awiri oima mondondozana mu Lusaka ndi mzere, ndipo mzere sufunsidwa kuti ngwa chiyani, umangolowa kaye. Potuluka ndapeza amayi ndi madengu afika pa kona. Kutsogolo akuti ndi sopo. Pakati akuti saladi, mafuta ophikira. Kumbuyo kwenikweni kuli bambo wa wilibala amene wamva za simenti.

Ndakwera pa njerwa n'kulengeza kuti kuno kulibe chilichonse.

"Ndiye mwamene bakambila konse," watero mayi wina, osasuntha.

Wina: "Babisila ba apamwamba. Tamuona utsi, muli vintu umo."

Abalalika dzuwa lili pamutu, atakwiya, ena akuloza nyumba ndi chala kuti aikumbukire. Agogo awiri aja atsala, ndipo asiya mafelemu awo pa khonde. Sindinawalandire. Sindinawakanenso.

Kuotcha kwachiwiri. Botolo lina sindingayerekeze, choncho ndazula galasi limodzi pa zenera la kuchimbudzi. Ndi katundu wa khonsolo, ndikudziwa, koma khonsolo ndi anthu, ndipo anthu ndi ine. Chikombole chatsopano, chosefa kawiri, chosalaza ndi nsana wa supuni, manja nditavala masokosi. Ndaotcha. Ndasiya m'phulusa mpaka madzulo, osasuzumira.

Latuluka lathunthu. Ndalipala m'mbali pa mwala wonolera mpaka lalowa m'felemu. Ndaitana aNaTembo ndi ulemu wonse. Avala. Atsinzina la kumanzere. Andiyang'ana nthawi yaitali.

"Mulipo atatu, bambo a Tamara. Nonse muli pansi pa madzi, ndipo wapakatiyo alibe khosi."

Ndawapatsa buku. Akuti zilembo zikusambira kupita kumanzere.

Ndakhala pa mgolo kuganiza, ndipo ndapeza wolakwa: dothi. Ukalichotsa galasi labwino dothi likadali lonyowa, limauma mwaufulu, limakhwinyata, limapindika mmene lifunira. Dothi lili ngati wantchito wa boma, bwana akangochoka limasintha. Galasi lenilenilo liyenera kukhala m'kati, chikombole chili chomanga, mpaka chiume gwa. Kuyambira mawa m'mawa mpaka Loweruka madzulo. Ndiye Loweruka lomwelo kuotcha, kuzizira usiku, Lamulungu m'mawa maso awiri.

Chatsala ndi kuwauza eni galasi.

Lachisanu

Zokambirana za m'mawa zinali zovuta kuposa za malire a dziko.

"Masiku awiri ndili wakhungu?"

Ndati tsiku ndi theka.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo a Tamara. Ine langa limodzili likundikwanira."

Ndalankhula za ulemu wa banja. Za akazi a aphunzitsi amene adzakhale kutsogolo akudikira choseka. Za Bambo Mfumu, munthu wosakwatira, kutsinziniridwa pa guwa. Ndalumbira pa manda a amayi anga kuti galasilo silidzayandikira moto, ntchito yake ndi kungogona m'dothi ngati mbatata. Ndimalankhula bwino ine. Ndi chokhacho chimene digiri inandipatsa.

Kenako atenga mpeni, amasula kasikuluwu okha mopapasa, n'kundiika galasilo m'manja, akulifumbatitsa ndi manja awo onse awiri.

"Mawa dzuwa lisanalowe ndilifuna. Ndibwereze kawiri ndisanagone."

Ladindidwa, latsekeredwa, lamangidwa. Msoko wa chikombole ndamata ndi dothi kuti mpweya usalowe.

Tsopano chitetezo. Ba Mwansa aona zonse, ndipo m'tauni muno galasi la maso labwino lingathe kumera miyendo. Choncho ndakonza zikombole zitatu zofanana ndendende. China muli galasi la aNaTembo. China ndi chouma cha dzulo, muli chidutswa cha zenera, ndachimatanso dothi kunja kuti chioneke chatsopano. Chachitatu muli mwala wophwatalala, cha akuba. Chizindikiro sindinaike, chifukwa chizindikiro chimathandiza mdani. Ndaziyanika pa zenera la khitchini mwa dongosolo limene ndikulidziwa ine ndekha. Pano sindilemba. Mabuku amawerengedwa.

Nditayang'ana ntchito yanga ndinadzimvera chisoni kuti boma likundiwononga ku unduna wolakwika.

ANaTembo akhala pa mkeka tsiku lonse, felemu yopanda kanthu ili pamphuno mwa chizolowezi. Apereka moni kwa thaulo la pa chingwe. Ndinafuna kuseka, koma ndaona mmene akuyendera m'nyumba mwawo momwe, dzanja lili ku khoma, ndipo kuseka kwabwerera.

Madzulo kwabwera mayi wa chitenje cha Chipani. Akuti ba Tcheyamani a chigawo chathu adzabwera mawa m'mawa "kudzacheza". Ba Tcheyamani ndi amene amasaina kuti munthu ndiwe nzika yabwino, amene amadziwa mlendo aliyense wogona m'nyumba ya munthu, ndipo chibadwire sanachezepo ndi aliyense.

Ba Mwansa sanaonekere pa mpanda lero masana onse. Anali ku ofesi. Zikugwirizana.

Loweruka

Afika tiyi asanapole. Ba Tcheyamani kutsogolo, suti ya safari, nyuzipepala m'khwapa. Achinyamata a Chipani awiri, mmodzi wa imvi. Ba Mwansa kumbuyo, akuti angodutsa.

Milandu itatu, malinga ndi malipoti a anthu: ndikutcheza kachasu, ndikubisa sopo, ndikupanga zoonera patali zoti adani a kumwera aziwerengera milatho yathu. Ndafunsa kuti ndisankhepo umodzi kapena ndi yonse. Sanaseke.

Ndafotokoza za kudzidalira, ndi mawu a pa wailesi enieni. Ba Tcheyamani amvetsera akuyang'ana pa zenera la khitchini.

"Ivi ni vichani?"

Ndisanayankhe anyamula chikombole choyamba. Achigwedeza pa khutu. Achinunkhiza. Apatsira wa imvi uja, iye wapatsira mnzake, mnzakeyo wachiika pa mgolo. Chachiwiri chimodzimodzi, koma chadutsa njira ina. Chachitatu ba Mwansa achigwirako, n'kuchibweza kwa wa imvi, amene wasuntha zinazo kuti apeze malo. Ndinayesa kutsatira ndi maso, koma nthawi yomweyo ba Tcheyamani amandifunsa chifukwa chimene khadi langa la Chipani lili la chaka chatha.

Zitatu pa mgolo, zofanana ndendende. Ntchito ya manja anga.

"Ochani chimozi tione. Ngati ni magalasi, yazachoka magalasi."

Ndikadatha kunena kuti dikirani, ndasokoneza, ndiyambe ndatsegula. Mawu ochepa chabe. Koma kutsegula ndi kuphwanya msoko, ndipo chikadakhala cha aNaTembo, tsiku lonse la khungu lawo likadapita pachabe. Ndiponso wa imvi uja anali atayamba kale kundiyang'ana.

"Simuziba vintu vanu, ba komuledi?"

Munthu wokayika pamaso pa Chipani ndi munthu amene akubisa kanthu. Ndatambasula dzanja ngati katswiri, ndatenga cha kumanja. Chinali chozizirira pang'ono m'manja. Ndinamva. Ndinadziuza kuti ndi mame.

Makala. Mwala. Kupopa. Achinyamata athandizako, mosinthana, mpaka ayamba kusangalala.

Dothi lonyowa m'kati silipsa. Limaphulika.

Phuu! Makala m'mwamba, nkhuku pa denga. Ba Tcheyamani ndawapeza kuseri kwa mgolo, atagona chafufumimba, nyuzipepala ili pamutu. Achinyamata anali atafika kale pa msewu. Ba Mwansa anagwa chagada m'maluwa, magalasi akuda atauluka, ndipo kwa nthawi yoyamba ndaona maso awo. La kumanzere ndi loyera mbuu, ng'ala yokhwima. Aliphimba msanga ndi dzanja.

"Nenze kufuna kukufunsani, ba neba," atero motsitsa, akufufuza magalasi awo m'dothi. "Ngati mungapangeko ya diso monga iyi. Manje nenze na nsoni."

Sabata yonse pa mpanda, kani anali manyazi ofunsa zimenezi. Chabwino. Koma shushushu wa diso limodzi ndi shushushu ndithu, ndipo za ofesi ija sananenebe.

Ba Tcheyamani adzuka, adzikuntha fumbi, ayamba kunena za bomba. Kenako aona chonyezimira m'phulusa. Atola. Kachidutswa ka galasi konga mwezi wongokhala kumene, koyera ngati msozi, kosalala mbali zonse, kopanda chala cha munthu, kopanda thovu. Ine nditangokaona ndinakazindikira. Fakitale yanga sinatulutsepo chinthu chokongola chotero.

Akaika pa nyuzipepala. Akayandikiza, akatalikitsa. Nkhope yawo yasintha.

"Iyee. Naona tumalemba tung'ono." Awerenga mzere wathunthu mokweza, chala chikutsatira, za mtengo wa feteleza. Atsitsa mawu kuti achinyamata, amene amabwerera mozemba, asamve: makalata a Chipani akhala akuwawerengera ndi mdzukulu kwa zaka. Kenako mokweza: "Uku ndiye kuzidalila! Ba komuledi apanga galasi na dothi ya pa chulu. Nizakamba ku wadi ya Chipani."

Andigwira chanza ndi manja awiri. Kachidutswako alowetsa m'thumba la pamtima. Akuti ndiwapangire awiri athunthu, ndichepetseko phokoso.

Ndinalandira chanzacho. Ndinati zikomo.

Atapita ndaphwanya zikombole zotsalazo, ngakhale ndimadziwa. China zenera. China mwala.

ANaTembo anali pa khomo la khitchini, dzanja pa mphuthu, nkhope italoza kumene kumachokera utsi.

"Chaphulikacho ndi chiti?"

Ndawauza.

Ndimayembekeza Chichewa cha ku Katete. Sichinabwere. Avula felemu ija, aipinda bwinobwino, aiika m'thumba la epuloni.

"Pitani kwa amayi a mphakati mukawauze apeze wina wowerenga. Mupite nokha. Munene nokha."

Ndapita. Ndati aNaTembo adwala maso. Amayiwo ati pepani, ndipo asanatseke chitseko anali atatuma kale uthenga kwa mkazi wa ahedi.

Lamulungu

Fakitale yatsekedwa. Njerwa ndabweza pamene ndinazitenga. Pa zenera la kuchimbudzi ndaika katoni.

Ndimaganiza kuti sapita ku Misa. Adzuka m'mamawa, avala chitenje chatsopano chimene anasita Lachinayi akadali ndi diso, duku lake lomwe. Panjira andigwira mkono. Chikwatiranireni sitinayendepo chogwirana pa msewu, ndipo amayi a pa mpopi atisekerera, wina mpaka kuti "Ba chikondi!" Pa ngalande iliyonse ndimati "dumphani", iwo n'kudumpha.

Takhala pakati, osati kutsogolo kumene owerenga amakhala. Nthawi ya Mawu itakwana, mkazi wa ahedi wanyamuka, nsapato zikugogoda. ANaTembo andiweramira.

"Wavala chiyani?"

Ndati diresi la buluu, la maluwa.

"Lija la pa ubatizo."

Mkazi wa ahedi wapunthwa pa dzina lachitatu, walumpha lachisanu, ena wangowameza. Palibe waseka. Palibe ngakhale wadzutsa mutu. Kutsogolo kwathu bambo wina amagona, Bambo Mfumu amayang'ana pansi. Ndayang'ana tchalitchi chonsecho kufuna munthu mmodzi amene akadaona kuti wowerenga watsinzina diso, ndipo sindinampeze.

Potuluka amayi awazinga. "Mayi, si inu lero? Timadikira inu."

"Maso andivuta," atero. "Ukalamba."

Za ine sanatchule. Ba Tcheyamani, amene amapemphera Misa yomweyo, andikodola patali, akusisita thumba la pamtima.

Mwayi wa mphakati wathu udzabweranso, akuti, mwina chaka chamawa, ngati manesi atopa. Magalasi adzabwera ndalama zakunja zikadzabwera. Mawa ndivala jekete langa ndipite ku Kabulonga, kwa mnzanga wa ku yunivesite amene mkazi wake amapita kunja kawirikawiri, ndikagwade pa kapeti. Ndikadapita Lolemba, koma Lolemba ndinali ndi fakitale.

Mafelemu a agogo aja akadali pa khonde. Ndiwabweza ndekha.

Sabata ino inayamba aNaTembo ali ndi diso limodzi, ndipo linkawakwanira kuwerenga, kusoka, kuona nkhope ya mwana wathu pa chithunzi cha pa khoma. Amene silinkamukwanira ndine.

Nyemba za mawa ndikusankha ndine, pa lichero, pano pa khonde. Iwo akhala pambali panga. Zimene ndasankha kale akuzibwereza ndi zala, imodziimodzi, ndipo akupezamo miyala.